Pamene mendulo ilemera kuposa mwana

Nyengo ya mpikisano wa Olympics ikafika, m'makomo momwe muli wailesi ya kanema timaonerako masewero awiri amene kwathu kuno ndi achilendo. Oyamba ndi a gymnastics, momwe atsikana amathamanga, kujowa ndi kupidiguka m'malere, mwinanso kuvina pamtanda wopyapyala wa masentimita 10 m'lifupi mwake. Achiwiri ndi ovina motsetsereka pa madzi oundana, atavala nsapato zokhala ndi chitsulo chonga mpeni kunsi kwake. Timaomba m'manja, ndipo n'koyenera kutero, pakuti lusolo ndi lozizwitsa. Chimene sitidzifunsa kawirikawiri ndi msinkhu wa amene tikuwaombera m'manjawo. Nadia Comaneci wa ku Romania, amene adagwedeza dziko lonse ku Montreal mu 1976 popata mapointi 10 osachotsedwapo kanthu, adali ndi zaka 14, msinkhu wa mwana amene kuno akukonzekera mayeso a Sitandade 8.

Thupi laling'ono ndi lopepuka limazungulira msanga m'malere kusiyana ndi la munthu wokhwima. N'chifukwa chake ana amayamba masewerowa ali ndi zaka 5 kapena 6, ndipo amene aonetsa luso amadzafika pophunzira maola oposa 30 pasabata, nthawi zambiri makolo ali kutali. Mwana wotere amaphunzira msanga kuti ululu sudandaulidwa, njala siyinenedwa, ndipo mawu a mphunzitsi satsutsidwa. Abale ndi alongo, tisunge mfundo imeneyi, pakuti zonse zimene zikutsatira zatsamira pomwepo.

Mu Januwale 2018, m'bwalo la milandu mumzinda wa Lansing, m'chigawo cha Michigan ku America, amayi ndi atsikana oposa 150 adaimirira mmodzimmodzi kwa masiku 7 kufotokoza zimene Larry Nassar adawachita. Mkuluyu adali dotolo wa timu ya dzikolo ya gymnastics komanso wa sukulu ya ukachenjede ya Michigan State. Kwa zaka zoposa 20 ankagwiragwira ana malo obisika ponamizira kuti akuwachiza msana kapena chiuno. Nthawi zina ankachita zimenezi mayi wa mwanayo ali m'chipinda chomwecho, iye ataima motchinga kuti mayiyo asaone. Kumsasa wophunzirirako wa Karolyi Ranch ku Texas, kumene makolo sankaloledwa kukhalako ndipo atsikana ankaopa kuoneka akudya kwambiri, Nassar ndiye adali munthu wokoma mtima, wobweretsa maswiti ndi chakudya mobisa. Nkhanza za aphunzitsi ndi zimene zidamutsegulira khomo.

Wina atha kufunsa kuti anawo sankanena bwanji. Ankanena. Mu 1997 Larissa Boyce, ali ndi zaka 16, adauza mphunzitsi wake ku Michigan State, koma adayankhidwa kuti sadamvetse za chithandizo cha dotoloyo, ndipo adachenjezedwa kuti kudandaula kudzabweretsa mavuto. Ena adanenanso m'zaka zotsatira, koma yankho lidali lofanana. Mu 2015, nkhani ya Maggie Nichols itafika kwa akuluakulu a bungwe la USA Gymnastics, padapita milungu 5 asadadziwitse nthambi yofufuza milandu ya FBI, ndipo a FBI nawo adakhala nayo nkhaniyo kwa nthawi yoposa chaka osachitapo chenicheni. Lipoti la boma lomwe lidatuluka mu 2021 lidapeza kuti m'nyengo yozengereza imeneyo Nassar adachitira nkhanza atsikana ena osachepera 70. Pambuyo pake padatuluka chipukutamisozi chochuluka: $500 miliyoni kuchokera ku Michigan State mu 2018, $380 miliyoni kuchokera ku USA Gymnastics ndi komiti ya Olympics ya dzikolo mu 2021, ndi pafupifupi $139 miliyoni kuchokera ku boma mu 2024. Tikaonkhetsa zikupitirira $1 biliyoni, pamene mu 1997 chimene chinkafunika chidali munthu mmodzi womva mwana.

Mchitidwe wolemekeza mwana wopirira ululu ndi wakale m'masewerowa, ndipo ifenso oonera tili ndi gawo lathu. Ku Atlanta mu 1996, Kerri Strug adavulala kakolo pojowa koyamba, koma adauzidwa kuti ajowenso. Adajowa, adatera, kenaka adagwa ndi maondo, ndipo mphunzitsi wake Bela Karolyi adachita kumunyamula popita kukalandira mendulo ya golide. Chithunzi chimenecho chidakhala chonyaditsa kwa zaka zambiri, ngakhale masamu adaonetsa kuti timuyo ikadapambanabe popanda kujowa kwachiwiriko. Elena Mukhina wa ku Soviet Union, katswiri wa dziko lonse mu 1978, adakakamizidwa kubwerera ku masewero mwendo wothyoka usadapole bwino. Mu 1980, kutatsala milungu yochepa kuti mpikisano wa ku Moscow uyambe, adagwera pachibwano nathyoka khosi. Adakhala wopuwala kuyambira m'khosi kutsika mpaka imfa yake mu 2006. Patapita zaka iye adafotokoza kuti ganizo limene lidamudzera ali chigonere pansi lidali la mpumulo, poti tsopano sapitanso ku Olympics. Tisinkhesinkhe za mtolo umene mtsikana wa zaka 20 adasenza kuti kuthyoka khosi akuone ngati kumasulidwa.

Pa madzi oundana nkhani ndi yomweyo. Kamila Valieva wa ku Russia adali ndi zaka 15 pa mpikisano wa ku Beijing mu 2022, pamene zidadziwika kuti m'thupi mwake mudapezeka trimetazidine, mankhwala a mtima oletsedwa m'masewero. Adaloledwa kupitiriza, dziko lonse likumuloza chala. Pa tsiku lomaliza adagwa kangapo natsirizira pa nambala 4, ndipo akutuluka m'bwalo misozi ili m'maso, mphunzitsi wake Eteri Tutberidze adamulonjera ndi funso lakuti walekeranji kulimbikira. Mu Januwale 2024 bwalo loweruza milandu ya zamasewero lidamuletsa kusewera kwa zaka 4, ndipo chigamulocho chidaulula kuti pakati pa zaka 13 ndi 15 mwanayu adapatsidwa mitundu ya mankhwala ndi zoonjezera mphamvu yoposa 50. Apa chilungamo chili ndi nkhope ziwiri. Osewera a ku America ndi Japan, amene sadalakwe kanthu, adadikira zaka ziwiri ndi theka kuti alandire mendulo zawo, zomwe adapatsidwa ku Paris mu Ogasiti 2024, ndipo kudandaula kwawo kudali koona. Komanso mwana wa zaka 13 sadzilembera yekha mankhwala, ndipo chigamulo chija dzina limene chidalanga lidali lake. Bungwe loyendetsa masewerowa la ISU lidakweza msinkhu wopikisana ndi akuluakulu kuchoka pa zaka 15 kufika pa 17, lamulo lomwe lidakhazikika kwathunthu mu 2024. Lidachita bwino, ngakhale mochedwa.

Tibwerere ku Lansing, chifukwa kumeneko nkhaniyi idagogoda pakhomo la mpingo. Amene adalankhula pomaliza adali Rachael Denhollander, loya komanso Mkhristu, yemwe mu 2016 adakhala woyamba kuneneza Nassar poyera, dzina lake losabisa, kudzera m'nyuzi ya Indianapolis Star. Nassar adamuchita zoipazo mu 2000 ali ndi zaka 15. Poti mkuluyu ankabwera ndi Baibulo kubwalo la milandu natchulapo za chikhululukiro, Denhollander adamukumbutsa kuti buku lomwelo limanena za mphero yomangiriridwa m'khosi mwa wophunthwitsa mwana, ndi kuti chikhululukiro sichigulidwa ndi ntchito zabwino koma chimafuna kulapa kwenikweni, kovomereza tchimo monga liliri popanda kulichepetsa. Adamuuza kuti iye wamukhululukira. M'mawu omwewo adapempha woweruza kuti apereke chilango chachikulu chimene lamulo likulola, nafunsa bwalo kuti mtengo wa kamtsikana ndi wotani.

Ambiri a ife tidazolowera kuganiza kuti wokhululuka amasiya mlandu. Mayiyu adagwira zonse ziwiri, ndipo ife amene taphunzitsa abusa kwa zaka zambiri tiyenera kuvomereza kuti phunziro limeneli sitidaliphunzitse momveka. Ndi kangati pamene nkhani ya mwana wagwiriridwa yathera m'chipinda cha akulu ampingo, ndi pemphero komanso kugwirana chanza, wolakwayo n'kungoimitsidwa ku mgonero miyezi ingapo, apolisi osamva kanthu? Timati tikuteteza mbiri ya mpingo, monga momwe akuluakulu a gymnastics ankatetezera mbiri ya timu ndi ndalama za makampani owathandiza. Mu 2 Samueli 13, Tamara atagwiriridwa ndi Amnoni, mlongo wake Abisalomu adamuuza kuti akhale chete poti wolakwayo ndi wapachibale. Mfumu Davide idakwiya kwambiri, koma sitimva kuti idachitapo kanthu. Tamara adatsala wosungulumwa m'nyumba ya mlongo wake, ndipo patapita zaka ziwiri banja la mfumu lidakhetsa mwazi.

Mmodzi mwa amene Nassar adawachitira nkhanza ndi Simone Biles, amene ambiri amamuyesa katswiri woposa onse m'mbiri ya gymnastics. Ku Tokyo mu 2021 adazindikira ali m'malere kuti sakudziwanso kumene kuli pansi, vuto limene osewera amalidziwa ndipo lingathe kuthyola khosi. Adaleka mpikisano uli mkati. Ena adamunyoza kuti ndi wamantha, pomuyerekeza ndi Strug. Ife tikuona kuti adachita chimene Mukhina sadaloledwe kuchita. Adatha kutero chifukwa adali ndi zaka 24 ndi dzina lalikulu. Kamtsikana ka zaka 12 kosadziwika kalibe mphamvu yotero, ndipo kamadalira kuti pakhale wamkulu wonena kuti basi, zakwana. Chaka chomwecho Biles adauza aphungu a nyumba ya Senate kuti akuimba mlandu Nassar pamodzi ndi dongosolo lonse limene lidamulekerera. Mu 2024 adabwerera ku Paris napata mendulo zitatu za golide ndi imodzi ya siliva.

Pa 24 Januwale 2018, woweruza Rosemarie Aquilina adalamula kuti Nassar akakhale kundende zaka zapakati pa 40 ndi 175, kuonjezera pa zaka 60 zimene adali atagamulidwa kale pa mlandu wosunga zithunzi zolaula za ana. Mwa zinthu zimene Denhollander adauza bwalo tsiku limenelo kuti adataya chifukwa choyankhulira ozunzidwa, adatchula mpingo wake. Adali atadzudzula momwe atsogoleri ena achikhristu adayendetsera madandaulo a nkhanza zotere, ndipo abale ndi alongo ake adamuona ngati wogawanitsa. Patapita miyezi ingapo, abusa a mpingo umene adachokamowo adalemba kalata yapoyera, kuvomereza kuti sadamumvetsere bwino ndi kupempha kuti awakhululukire.