Chofunda cha zigamba sichichapidwa ngati chitenje

Telala akamadula chitenje, pansi pa makina pamatsala tizidutswa tambirimbiri. Amayi ena mu Chipata satitaya. Amatitolera m'thumba n'kumatilumikiza mpaka patuluke chofunda chokwana bedi lonse: pamwamba zigamba, pakati thonje, bulangete lakale kapena faiba, pansi nsalu imodzi yaikulu. Ntchitoyi imadya masabata, koma mphepo ya mu Juni ikamatsika m'mapiri ozinga mzindawu, wosoka amadziwa kuti sanavutike pachabe. Chimene chimandiwawa n'chakuti zofunda zambiri zotere sizitha ndi kufunda ayi. Zimathera m'bafa ndi pachingwe, m'manja mwa eni ake omwe, chifukwa timazichapa ndi malangizo amene amayenera nsalu yopyapyala.

Langizo lotchuka ndi la mchere. Amati chofunda chatsopano chigone m'madzi a mchere kuti mtundu ugwire. Maganizowa sanangobuka. Popaka utoto wina pa nsalu ya thonje, opanga nsalu amathiradi mchere kuti utotowo ulowe bwino mu ulusi. Koma imeneyo ndi ntchito ya pa nthawi yopaka. Nsalu ikafika pa msika wa Kapata mu Chipata, zonsezo zinatha kale, ndipo mchere wa kukhitchini sungamangenso utoto umene sunagwire. Ku Mfuwe, amisiri a Tribal Textiles, amene akhala akupenta nsalu pamanja kuyambira 1991, amakhwimitsa mitundu yawo poika nsaluzo mu uvuni wotentha. Choopsa pa langizo la mchere ndi kugoneka kuja. Chofunda chimodzi chili ndi zitenje zosiyanasiyana, zina zodula, zina zotchipa, ndipo chikakhala m'madzi usiku wonse, kachigamba kofiira kamapatsira mtundu koyera kamene kalumikizana nako. Musanachape, nyowetsani kansalu koyera n'kupukuta pa zigamba zofiira, zakuda ndi zobiriwira. Kakatenga mtundu, chapani ndi madzi ozizira ambiri, mwamsanga, ndipo musachisiye chili chounjika.

Ena amati chinthu chachikulu chimafuna sopo wambiri ndi mphamvu: kuchimenya pamwala, kenako anthu awiri, wina uku wina uko, kuchipotokola mpaka madzi athe. Chitenje chimapirira zimenezi. Chofunda cha zigamba chagwirizika ndi misoko yokha, ndipo thonje likamwa madzi chimalemera kwambiri, moti kulemera konseko kumakoka pa ulusi. Msoko umodzi ukaduka, za m'kati zimayamba kusunthira kumodzi n'kupanga zibuluma. Sopo wambiri nayenso satuluka msanga m'kati, amatsala n'kuumitsa nsalu, fumbi n'kumamatirira. Sungunulani sopo pang'ono m'bafa lalikulu chofunda chisanalowe, pondani ndi mapazi oyera pang'onopang'ono, tsukuluzani mpaka thovu lithe, ndipo madzi muwatulutse mokanikiza. Jik musayerekeze n'komwe, amadya mtundu ndi ulusi womwe.

Pa kuyanika ndi pamene nkhani yake imapiringizika. Ambiri amadikira dzuwa la mu Okutobala poganiza kuti likamaswa mtengo ndiye labwino. Limaumitsadi msanga, koma limafifiitsanso mitundu. Nyengo yabwino ndi Ogasiti ndi Seputembala, pamene kuli mphepo, mvula isanayambe. Yanikani motembenuza, zigamba zili kunsi, ndipo mutambasule pa zingwe ziwiri kapena zitatu kuti kulemera kugawike ndi mphepo idutse pakati. Nthawi ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, kunja kumatha kuuma m'kati muli chinyezi, ndiye pakapita masiku chimayamba kununkha ndi kuchita chuku.

Chifukwa cha kulemera komweku, ena amangoyala chofunda pa udzu kapena pa mchenga pamthunzi. Apa agogo athu ananena zoona poletsa. Ntchentche ya mphutsi imaikira mazira pamalo a mthunzi, pa dothi pamene pagwera mkodzo kapena chimbudzi, ngakhalenso pa nsalu yonyowa. Mazirawo amaswa m'masiku ochepa, ndipo timphutsi take timalowa pakhungu la munthu kapena galu n'kutulutsa chotupa chonga chithupsa. Mlandu anthu amaupereka kwa mtengo wa mango, pamene ntchentcheyo imangofuna mthunzi ndi dothi lodetsedwa, kaya mtengowo ndi wanji. Chofunda chimene mwana adzagonere chisakhudze pansi.

N'chifukwa chake mwambo wosita chilichonse choyanikidwa panja ndimaulemekeza: kutentha kwa nsimbi kumapha mazira ndi timphutsi. Chofunika n'kudziwa chimene chili m'kati mwa chofunda chanu, ndipo wodziwa ndi amene anasoka, mufunseni. Pa nsimbi ya magetsi, timadontho titatu ndi madigiri pafupifupi 200, oyenera thonje; tiwiri ndi pafupifupi 150. Faiba ndi pulasitiki. Ikapsa imaphwatalala ndipo sifufumanso, chofunda n'kusiya kufunditsa. Choncho ngati m'kati muli faiba, musapitirire timadontho tiwiri, ikani nsalu yoyera pamwamba, ndipo muzigunditsa nsimbi n'kunyamula m'malo moikhwekhwereza. Nsimbi ya makala, imene mabanja ambiri anaibwerera magetsi atavuta mu 2024 madzi atachepa ku damu la Kariba, ilibe timadontho. Iyeseni pa kansalu kena kaye, ndipo samalani ndi phulusa ndi timakala tothetheka.

Pali makwinya ena amene nsimbi singawachotse ngakhale mutasita tsiku lonse: aja ang'onoang'ono otsata misoko. Amabwera chifukwa zigamba, ulusi ndi za m'kati zimafupika mosiyana zikachapidwa koyamba. Si chilema, ndipo kuwakanikiza ndi moto wambiri kumangowalitsa nsalu n'kufooketsa msoko. Wosoka amene sakuwafuna achape zigamba zake asanazilumikize. Makwinya akuluakulu a kupinda amatha okha: kung'unthani chofunda muli awiri chikangouma, chiyaleni pabedi, chisalazeni ndi manja. Mukamachisunga nyengo yozizira ikatha, musachitsekere m'pulasitiki. Chikulungeni m'chitenje chakale, ndipo nthawi ndi nthawi muzisintha mopinda kuti mzere umodzi usadye nsalu.