Mafuta Sitiwaona ndi Maso, Timawawerenga pa Mizere

Anthu ambiri amaganiza kuti pansi pa nthaka pali dziwe la mafuta limene timangoliboola n'kuyamba kutunga. Ayi ndithu. Mafuta amakhala m'timipata ting'onoting'ono ta mwala wamchenga kapena walaimu, ngati madzi m'chinkhupule. Ntchito yanga ndi kuudziwa mwala umenewo popanda kuugwira.

Chitsime chikabooledwa, mwina makilomita atatu kupita pansi, timatsitsiramo zida zoyezera zomangirira kuchingwe chawaya. Tikamazikoka pang'onopang'ono, zimayeza mwala uliwonse umene zikudutsa, ndipo pa kompyuta pamatuluka mizere yokhotakhota imene timaitcha log. Log yoyamba ya magetsi inajambulidwa pa 5 September 1927 ku Pechelbronn m'dziko la France, ndi kampani ya Conrad Schlumberger ndi mng'ono wake Marcel.

Ine ndimayambira pa mzere wa gamma ray, womwe umayeza cheza chochokera m'mwala. Mwala wochokera kudongo uli ndi potaziyamu, thoriyamu ndi yureniyamu wochulukirapo, zimene zimatulutsa cheza chimenechi, choncho mzere umathawira kumanja. Ukabwerera kumanzere, mtima umayamba kugunda: tafika pamchenga woyera. Apa ndimayang'ana mzere wa magetsi. Madzi amchere amalola magetsi kudutsa mosavuta, pamene mafuta ndi gasi amawakaniza. Mu 1942, Gus Archie wa kampani ya Shell anasindikiza masamu osonyeza kuchuluka kwa madzi m'timipata ta mwala kuchokera pa kukaniza kumeneku, ndipo mpaka lero timawagwiritsabe ntchito.

Koma apa ndi pamene wosadziwa amapusitsika. Madzi opanda mchere nawonso amakaniza magetsi. Mwala wolimba wopanda timipata umachitanso chimodzimodzi. Komanso matope amene timapopera m'chitsime pobowola amalowerera m'mwala n'kukankhira mafuta kutali ndi chida choyezera. Ndiye mzere umodzi sindiukhulupirira. Ndimauika pambali pa wa kulemera kwa mwala ndi wa neutron, womwe umayeza haidrojeni. Mizere iwiri yomalizayi ikapingasana n'kusiya mpata pakati, nthawi zambiri pamenepo pali gasi.

Ngakhale zonse zitagwirizana, funso lalikulu limatsalabe: kodi mafutawo angayende m'mwala n'kufika m'chitsime? Yankho limabwera chitsime chikayesedwa.

Choncho mukadzamva pa wailesi kuti kwinakwake kwapezeka mafuta, funsani ngati chitsime chabooledwa, log yawerengedwa, ndiponso ngati mafutawo atulukadi kunja.