Pepani sapoletsa chilonda

Ana anga, dzinja likamayandikira mtima wanga sukhala m'malo. Zaka zomwe ndidagwira unamwino kuno ku Mchinji, ndidalandirapo ana ogwera m'maenje a njerwa osakwirira. Wina amabwera atathyoka mwendo, wina atamwa madzi. Makolo ukawafunsa amangoti, "Ndi ngozi mayi, nanga titani?" Mwini dzenje amafika ndi pepani wake, nkhani n'kuthera pomwepo.

Komatu si ngozi zonse zimangogwa zokha. Lamulo limati aliyense ali ndi udindo wosamala kuti zochita zake zisavulaze ena.

Mfundoyi idakhazikika pa mlandu wina wa ku Scotland. M'chaka cha 1928, mayi May Donoghue adamwa chakumwa cha m'botolo m'tauni ya Paisley, ndipo adati adapezamo nkhono yowola, nadwala. Adasumira wopanga chakumwacho, David Stevenson, ngakhale sadagule kwa iye. Mu 1932 bwalo lalikulu la ku Britain lidagamula kuti wopanga chinthu ali ndi udindo kwa wochigwiritsa ntchito. Mmodzi mwa oweruza, Lord Atkin, adafotokoza kuti mnansi wako ndi aliyense amene uyenera kuganizira kuti angapweteke ndi zochita zako. Makhoti athu amatsata mfundo yomweyi mpaka lero.

Tsono wodandaula ayenera kuonetsa zinthu zinayi. Choyamba, kuti mnzakeyo adali ndi udindo womusamala. Woumba njerwa ali nawo kwa ana a m'mudzi, wakabaza wa pa Kamwendo ali nawo kwa amene wamukweza, namwino ali nawo kwa wodwala. Chachiwiri, kuti adalekerera, sadachite zomwe munthu wanzeru zake akadachita, monga kukwirira kapena kutchinga dzenje. Chachitatu, kuti kulekererako ndi kumene kudabweretsa ngoziyo. Chachinayi, kuti padavulaladi munthu kapena padawonongeka katundu. Zonsezi zikaoneka, khoti limalamula chipukutamisozi.

Dziwaninso kuti ngati nanu mudalekerera, chipukutamisozicho chimachepa. Mukakwera njinga yamoto popita kuchipata cha Mwami mutakana chipewa choteteza mutu, musayembekeze kulandira zonse.

Nanga zikakugwerani muchitenji? Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo buku la kuchipatala mulisunge bwino chifukwa ndi umboni. Ikakhala ngozi ya pamsewu, tengani lipoti la apolisi. Lembani mayina a mboni, malowo muwajambule pa foni. Musachedwe, poti nthawi zambiri mlandu wa kuvulala umayenera kukafika kukhoti pasadathe zaka 3. Ngati ya loya palibe, kuli a Legal Aid Bureau omwe amathandiza osowa. Likakhala dandaulo lokhudza dokotala, kuli Medical Council of Malawi. La anamwino ndi azamba limapita ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Safunsa adadya phula.

Sindikuti tizisumirana pa chilichonse, ayi. Zambiri zimatha bwino kwa amfumu, wolakwa n'kulipira mankhwala. Koma lamuloli limayang'ananso kwa inu. Bambo, mwaotcha uvuni wanu, nyumba yakwera, zikomo. Nanga dzenje lija kuseri? Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tengani khasu mukakwirire mvula isadagwe.