Kudyetsa galu nyama yaiwisi: ubwino wake ndi ngozi zake

M'midzi ya m'boma la Kasenengwa, lomwe linapatulidwa ku Chipata mu 2018, galu ndiye mlonda wa pakhomo, wa khola ndi wa nkhokwe. Komabe agalu ambiri amakhalira mkute wa nsima ndi phala la gaga. Nyama amailawa patsiku lopha mbuzi kapena nkhumba, pamene aponyeredwa mapapo ndi matumbo osaphika. M'matauni namo muli oweta ena amene amadyetsa agalu awo zakudya zaziwisi zokhazokha, poganiza kuti ndico cakudya ca galu cacibadwa.

Kadyetsedwe kameneka kanachuka kucokera mu 1993, pamene dokotala wa ziweto wa ku Australia, a Ian Billinghurst, analemba buku lolimbikitsa nyama ndi mafupa aawisi. Ambiri okatsatira amagawa cakudya motere: pa magawo 100 alionse, 80 ndi mnofu, 10 ndi mafupa ofewa, ndipo 10 otsalawo ndi zam'kati, theka lake ciwindi. Galu wamkulu amapatsidwa magawo 2 kapena 3 pa 100 a kulemera kwake tsiku lililonse. Motero galu wa makilogalamu 15 amafunika magalamu 300 mpaka 450 patsiku.

Muyeso ndi wofunika cifukwa mnofu wokha sukwanira. Uli ndi kashiamu wocepa kwambiri, kotero mwana wa galu woleredwa ndi mnofu wokha amakula ndi mafupa ofooka, othyoka msanga. Ciwindi cikaculuka, vitamini A amapitirira muyeso n'kuononga mafupa ndi mfundo. Mafupa olimba amathyola mano, pamene ophika amasweka n'kukhala akuthwa, ndipo angabaye kum'mero kapena m'matumbo.

Ngozi yaikulu ili pa tizilombo. Nyama yaiwisi, makamaka ya nkhuku, imakhala ndi tizilombo monga salmonella. Galu angaoneke wathanzi koma akutulutsa tizilomboto m'cimbudzi cake, pabwalo pomwe ana amakwawa ndi kusewera. Firiji siipha tizilomboti, imangotigoneka. N'cifukwa cake mu 2012 bungwe la madokotala a ziweto ku America, la AVMA, linalangiza oweta kuti asamadyetse agalu ndi amphaka nyama yosaphika.

Mapapo ndi ciwindi zokhala ndi matuza a madzi n'zoopsa koposa. M'matuzamo muli ana a njoka za m'mimba zochedwa echinococcus. Galu akadya, njokazo zimakula m'matumbo mwake, ndipo mazira ake amatuluka ndi cimbudzi n'kufika pa ndiwo zamasamba, m'madzi ndi m'manja mwa anthu. Mwa munthu, mazirawo amapanga matuza m'ciwindi kapena m'mapapo, omwe amakula mwakacetecete kwa zaka ndipo nthawi zambiri amafuna opaleshoni. Zam'kati zotere ziyenera kutenthedwa kapena kukwiriridwa m'dzenje lakuya.

Ciweto cofa cokha sicoyenera kupatsa galu. Mu 2011, anthu oposa 500 anadwala matenda a anthrax m'boma la Chama atagwira ndi kudya nyama ya mvuu zofa mu mtsinje wa Luangwa. Mu 2023 matendawa anabukanso m'zigawo zambiri za Zambia, makamaka ku Sinazongwe. Galu wodya nyama yotere angadwale, komanso amakokera zidutswa zake pakhomo. Cigodola ca nkhumba, comwe cakhala cikuvutitsa alimi m'cigawo ca kum'mawa, sicigwira galu, koma galu wonyamula fupa la nkhumba yofa angafikitse matendawa kukhola la mnansi.

Maganizo akuti galu ndi wofunika nyama yokha alibe maziko. Kafukufuku wa pa yunivesite ya Uppsala ku Sweden, wofalitsidwa mu 2013, anaonetsa kuti galu amagaya zakudya zokhutitsa bwino kuposa mimbulu yomwe anacokerako. Conco nsima si colakwika. Colakwika ndi nsima yopanda ndiwo.

Banja la kumudzi lingakonze cakudya cokwanira ndi zinthu zimene lili nazo. Nsima kapena kandolo wophika zisakanizidwe ndi zidutswa za nyama zowiritsa, dzira lophika, kapenta wotsukidwa mcere, komanso dzungu kapena cibwabwa pang'ono. Kapenta amadyedwa ndi minga yake, motero amapatsa kashiamu. Zikamba za mazira zowiritsa ndi zosinja bwino nazo zimathandiza. Anyezi, adyo ndi cokoleti zimadwalitsa galu. Madzi abwino akhalepo tsiku lonse.

Amene asankhabe njira ya zaziwisi agule nyama yopimidwa ndi a za ziweto, asambe m'manja ndi sopo, atsuke mpeni ndi mbale ya galu, ndiponso acotse zotsala zisanatere nchenche. Pakhomo pamene pali ana aang'ono, amai oyembekezera, okalamba kapena odwala, kuphika ndiko kotetezeka.

Cakudya sicilowa m'malo mwa mankhwala. Galu amafunika mankhwala a njoka za m'mimba miyezi itatu iliyonse ndiponso katemera wa ciwewe. Oweta angafunse malangizo kwa alangizi a za ziweto a m'dera lawo kapena ku ofesi ya za ziweto ya boma.