MUNTHU WOPONYA MPIRA MWALIWIRO

Lero tikamba za masewera a kiriketi, makamaka za munthu mmodzi wa m'masewerawo, amene nchito yace ndiyo kuponya mpira ndi liwiro lalikuru. Ambiri a ife tidziwa bwino mpira wa miyendo, koma kiriketi tingoionera patali, anthu obvala zoyera ataimirira padzuwa tsiku lonse, ndipo tiyesa kuti ndi masewera a anthu ofatsa. Koma pakati pa anthu a zoyerawo alipo wina amene alandira malipiro cifukwa ca kuopsa anzace, ndipo thupi lace ndilo liyamba kumva zowawa za nchitoyo.

Poyamba timvane za masewerawo. Pakati pa bwalo pali kanjira kosalazidwa bwino, utali wace mayadi 22. Ku nsonga zonse ziwiri aimikako timitengo titatu. Womenya aima patsogolo pa timitengo ndi thabwa m'manja, ndipo woponya athamanga nadzaponya mpira ku nsonga inayo. Mpira ukagwetsa timitengo, kapena womenya akaumenyera m'mwamba wina nauwakha, womenyayo acoka, ndipo pamenepo anena kuti woponya watenga wiketi. Koma akaumenyera kutali, iye ndi mnzace athamanga pakati pa timitengo, ndipo ulendo uli wonse uwerengedwa rani imodzi. Woponya akaponya mipira 6, imene aicha ova, apumula, ndipo mnzace aponya kucokera ku nsonga yina.

Mpirawo si wofewa ai. Ndi wa cikopa cosokedwa, wouma gwa ngati mwala, kulemera kwace maaunsi asanu ndi theka. Woponya waliwiro weni weni autumiza pa liwiro la mamailosi 90 pa ola limodzi, kotero kuti womenya ali nayo nthawi yosafika ngakhale theka la sekondi kuti aone mpira, aganize, ndi kumenya. M'caka ca 2003 ku Cape Town, Shoaib Akhtar wa ku Pakistan anaponya mpira umene unapyola pang'ono mamailosi 100 pa ola limodzi.

Nanga liwiro lotere licokera kuti? Silicokera m'dzanja lokha. Lamulo liletsa kugenda monga mwana agendera mbalame. Mkono uyenera kuzungulira wosawongoka pa cigongono. Cifukwa cace munthuyo ayamba kuthamanga patali, mayadi 20 kapena 30, nalumpha, naponda mwamphamvu ndi mwendo wa patsogolo uli cilili. Liwiro lonse limene anali nalo pothamanga likwera m'mwendomo, lipita m'ciuno ndi m'msana, lituruka pa phewa kufikira ku zala. Pa kuponda kumeneko phazi lisenza katundu woposa kulemera kwa thupi lace kangapo konse. Tsono ganizani kuti pa masewera akuru ochedwa Test, amene atha masiku asanu, munthu angathe kuponya maova 20 tsiku limodzi, ndiyo mipira 120, m'mawa mwace nayambanso.

Akuru anati, walira mvula walira matope. Zala za kumapazi zicita matuza ndi kutaya zikhadabo, maondo atupa, ndipo coopsa koposa, mafupa a msana acita ming'alu pang'ono pang'ono. Dennis Lillee wa ku Australia anapezedwa ndi ming'alu yotere m'caka ca 1973, ndipo ambiri anayesa kuti nchito yace yatha. Iye anapirira, nalimbitsa thupi lace miyezi yambiri, nasintha kaponyedwe kace, mpaka anatenga mawiketi 355 m'masewera a Test. Ena a nyonga zofanana naye sanabwererenso m'bwalo.

Koma nyonga yokha siikwanira. Woponya wanzeru ali ngati msaki amene adziwa njira za nyama. Apukuta mbali imodzi ya mpira pa buluku lace kuti isalale, mbali yina naisiya yokhakhala, ndipo mpirawo ukhota uli m'mwamba. Tsiku lina aponya mipira isanu yonka kunja, kuti womenya azolowere, wacisanu ndi cimodzi naubwezera m'kati. Nthawi zina aumenyetsa pansi capafupi kuti unjanje kufika pa cifuwa kapena pa mutu, ndipo womenya, pocita mantha, abwerera m'mbuyo. Mpira wotsatira ufika pa zala za kumapazi. Ayeneranso kukhala munthu wosasunga kanthu kumtima. Akamenyedwa kutali, kapena mnzace akagwetsa mpira wosabvuta kuwakha, iye abwerera poyambira pace nayesanso monga ngati sipanacitike kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano tione moyo wa munthu mmodzi, kuti timvetse bwino mtima wa anthu otere. Harold Larwood anabadwa m'caka ca 1904 m'mudzi wa Nuncargate ku England. Atate wace anali a m'migodi ya malasha, ndipo iyenso analowa mumgodi ali ndi zaka 14, nayang'anira akavalo okoka ngolo pansi pa nthaka. Inu a ku migodi mudziwa m'mene nchito ya pansi iumitsira msana ndi mapewa. Anali munthu wamfupi ndithu, koma timu ya Nottinghamshire itaona kaponyedwe kace inamlemba nchito m'caka ca 1923.

Masiku amenewo osewera a ku England anali a magulu awiri. Ena anali ana a anthu olemera, osewera kwaulere, ndipo kawiri kawiri mtsogoleri anali kucokera mwa iwo. Ena anali olipidwa monga Larwood, ndipo anayenera kumvera. Kusiyanitsa kumeneku kunatha m'caka ca 1962.

M'caka ca 1930 mnyamata wa ku Australia, Don Bradman, anazunza Angerezi kwao komwe, napeza marani 974 m'masewera asanu. Pamene timu ya England inapita ku Australia m'caka ca 1932, mtsogoleri wace Douglas Jardine anapangana ndi anzace za msampha. Woponya adzalunjikitsa mpira wonjanja pa thupi la womenya, ndipo owakha ambiri adzaima pafupi ku mbali ya miyendo yace. Womenya akadziteteza ndi thabwa, mpira udzagwera m'manja mwao. Akapanda kutero, udzammenya nthiti. Zisoti zolimba kunalibe masiku amenewo. Manyuzipepala anaucha msamphawu Bodyline, ndipo munthu woyenera kuucera anali Larwood, popeza analibe mnzace pa liwiro ndi pa kulunjika.

Msampha unagwira. England inapambana masewera anai mwa asanu, Larwood natenga mawiketi 33. Koma ku Adelaide mu January 1933 mpira wace unamenya mtsogoleri wa Australia, Bill Woodfull, pa mtima, ndipo wina unaswa fupa la mutu wa Bert Oldfield. Oldfield mwini ananena kuti colakwa sicinali ca Larwood, koma khamu la anthu linakwiya kwambiri, ndipo akuru a kiriketi a maiko awiriwa anatumizirana matelegramu aukali. Pa masewera omariza ku Sydney Larwood anapweteka fupa la phazi la kumanzere cifukwa ca kuponda nthaka youma, koma Jardine sanamlole kucoka m'bwalo kufikira Bradman atacoka.

Atabwerera kwao, akuru a bungwe la MCC, amene poyamba anakondwera ndi cipambanoco, anafuna kukonza ubale wao ndi Australia. Anauza Larwood kuti apepese. Iye anakana, nati anacita cimene mtsogoleri wace anamtuma. Sanasewerenso m'timu ya dziko lace, ngakhale anali wa zaka 28 zokha pa masewera ace otsiriza a Test. Onse pamodzi anali 21, ndi mawiketi 78.

Apa pali funso loti inu omvera mukambirane. Kodi mlandu uli ndi wotuma kapena ndi wotumidwa? Ena ati Larwood anadziwa kuti mpira wace ungathe kupha munthu, ndipo anayenera kukana. Ena ati munthu wolipidwa, wocokera mumgodi, akadakana mau a mtsogoleri akadataya nchito tsiku lomwelo. Cimene tidziwa ndi cakuti msamphawo sunali wolakwira lamulo la nthawiyo, ndi kuti malamulo anasinthidwa pambuyo pace: woweruza anapatsidwa mphamvu yoletsa kaponyedwe kofuna kupweteka munthu, ndipo owakha oima kumbuyo kwa womenya ku mbali ya miyendo yace saloledwa kupyola awiri. Ngakhale zisoti zinafika m'zaka za m'ma 1970, ngozi siinathe. M'caka ca 2014 Phillip Hughes wa ku Australia anamwalira atamenyedwa ndi mpira wonjanja pa khosi ku Sydney. Woponya ali yense ayenda ndi katundu ameneyu mumtima: afuna kuti womenya aope, koma safuna kumuona ali gone pansi.

Larwood ataleka kusewera anagulitsa maswiti m'kasitolo ku Blackpool. Jack Fingleton, mmodzi wa Aaustralia amene iye anawamenya ndi mpira, ndiye anamlimbikitsa kusamukira ku Australia m'caka ca 1950. Anthu amene kale anamkuwiza anamlandira bwino, ndipo anakhala pakati pao kufikira imfa yace m'caka ca 1995. Dziko lace linampatsa ulemu wa MBE m'caka ca 1993, ali nkhalamba yosaona bwino.

Oponya aliwiro ambiri acokera m'nyumba za anthu wamba. Makhaya Ntini anali kuweta ng'ombe m'mudzi wa Mdingi ku South Africa; m'caka ca 1998 anakhala munthu wakuda woyamba kusewera Test m'timu ya dzikolo, ndipo anatenga mawiketi 390. Henry Olonga, wakuda woyamba m'timu ya Test ya Zimbabwe m'caka ca 1995, anabadwira mu Lusaka muno m'caka ca 1976.

Tsono inu anyamata amene mufuna kuyesa nchito imeneyi, yambani ndi kulimbitsa miyendo ndi msana, phunzirani kulunjika musanafune liwiro, ndipo msana ukayamba kuwawa uzani mphunzitsi wanu msanga, musabise. Inu aphunzitsi, musaponyetse mwana maova ambiri tsiku limodzi cifukwa cakuti ali ndi nyonga, pakuti mafupa ace sanakhwime.