Kuzungulira phiri la Zomba pa njinga si kwa akatswiri okha

Ntchito yanga ndi kutsogolera anthu opalasa njinga m'mapiri. Ambiri akamva zimenezi amati ndi masewera a alendo akunja kapena a anyamata otopa ndi moyo. Akayamba kufunsa, funso loyamba limakhala mtengo wa njinga, lachiwiri makilomita. Onse awiri saloza pamene pagona nkhani.

Ife tikamanena kuti njira iyi ndi yosavuta, iyo ndi yapakatikati, inayo ndi ya akatswiri, choyamba timawerenga mamita amene munthu akwere, osati kutalika kwa msewu. Makilomita 40 a m'chigwa cha Phalombe mukhoza kuwamaliza mukucheza, koma makilomita 8 a chitunda chokhachokha akhoza kukutsitsani pa chishalo muli wefuwefu. Msewu ukamakwera mamita 100 pa kilomita imodzi, timati ukukwera ndi 10 peresenti. Pamenepo ndi pamene anthu wamba amayamba kutsika n'kumakankha. Njira yapakatikati imakhala ndi zitunda zotere, koma zazifupi, ndipo pakati pake pamakhala popumira miyendo.

Njira imene ndimakonda kuyambira ndi anthu atsopano ili pamwamba pa phiri la Zomba. Timanyamukira pa hotela ya Ku Chawe, kudutsa damu la Mulunguzi limene limamwetsa mzinda wa Zomba, kukwera cha ku mathithi a Williams, kupitirira damu laling'ono la Chagwa, mpaka ku Queen's View ndi Emperor's View, n'kubwerera. Mbali yaikulu ndi misewu yafumbi ya m'nkhalango ya paini, yotakata moti lole yonyamula matabwa imadutsa. Palibe pofunika kulumpha miyala kapena kutsetsereka phompho. Koma wina akati, "Ine ndiyambira m'tauni," ulendo wasanduka wina. Kuchoka m'tauni kufika pa Ku Chawe munthu amakwera mamita opitirira 500 asanayambe n'komwe kuzungulirako. Njira ndi yomweyo, koma yachoka m'gulu la zapakatikati.

Za magiya anthu amaziona ngati matsenga, pamene ndi masamu a ku pulayimale. Tinene kuti njinga ya kabaza ili ndi mano 44 kutsogolo ndi 18 kumbuyo. Mukapalasa kamodzi, tayala limazungulira pafupifupi kawiri ndi theka, ndipo mwayenda mamita opitirira 5. Pamalo osalala zimenezi n'zabwino, koma pachitunda bondo lanu likuyenera kukankha mamita onsewo nthawi imodzi. Njinga ya m'mapiri ikhoza kukhala ndi mano 32 kutsogolo ndi 42 kumbuyo. Mukapalasa kamodzi tayala silimaliza n'komwe kuzungulira, mwayenda mamita osakwana 2. Zili ngati kusamutsa thumba la chimanga ndi ndowa: maulendo amachuluka koma msana suthyoka. Chinsinsi chake n'kusintha giya chitunda chisanakugwireni. Mukadikira mpaka miyendo italemera, tcheni chimalira, nthawi zina chimaduka kumene.

Kukwera kumatopetsa, koma kumene anthu amavulala ndi kumtsetse. Ambiri tinakula tikuuzidwa kuti buleki yakutsogolo imagwetsa. Zoona zake n'zakuti ndi imene ili ndi mphamvu zambiri zoimitsa njinga, chifukwa mukamaima thupi lonse limalemerera kutsogolo. Yakumbuyo yokha imangokhukhuluza tayala pa nsangalabwi, njinga n'kuyamba kupita cham'mbali. Gwirani zonse ziwiri pang'onopang'ono, nyamukani pa chishalo, bwezani chiuno kumbuyo, ndipo liwiro mulichepetse musanalowe pokhota, osati muli kale pakati pake. Maso akhale kumene mukufuna kudutsa. Mukayang'anitsitsa mwala, mwala womwewo ndi umene mugunde. Matayala nawo musawapope gwa ngati mmene amachitira onyamula katundu. Ofewerako pang'ono ndi amene amagwira bwino dothi.

Apa ndinenepo kuti akatswiri enieni a phiri la Zomba si ife ovala zipewa zolimba. Ndi abambo aja amene amatsitsa nkhuni zosanjikiza kupitirira mutu pa njinga yopanda giya. Mukakumana nawo, apatukireni, chifukwa iwo sangaime msanga ngati inu.

Chimene chimakometsa njirayi n'chakuti thukuta lanu limakufikitsani pamalo amene ali ndi mbiri. Zomba linali likulu la dziko kuyambira nthawi ya atsamunda mpaka 1975, pamene likulu linasamukira ku Lilongwe, ndipo alendo olemekezeka a boma ankakwezedwa kuphiriko kukaona dziko. Queen's View inatchedwa choncho chifukwa mayi ake a Mfumukazi Elizabeth II anabwera mu 1957. Pafupi pomwepo pali Emperor's View, pokumbukira mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia imene inacheza m'dziko muno mu 1965, ndipo a Chirasta amalemekeza malowa mpaka lero. Kukakhala kowala, pamenepo mumaona tauni yonse pansi panu, nyanja ya Chilwa, chigwa cha Phalombe ndi phiri la Mulanje chapatali. Ndimakonda kuwafunsa anthu kuti aloze msewu umene anadzera pobwera. Ambiri amasokonezeka, chifukwa tauni ikaoneka kuchokera pamwamba imakhala yachilendo.

Amene akadali ndi mphamvu akhoza kuwonjezera Chingwe's Hole, mbali ina ya phiri yoyang'ana kuchigwa cha Shire. Ndi dzenje lakuya lobisika m'mitengo, ndipo nkhani imene anthu amasimba ndi yakuti kale mafumu ankaponyamo adani awo. Koma kumeneko n'kutali, ndipo ulendo wa theka la tsiku umasanduka wa tsiku lonse. Munthu woyamba kumene sindimulangiza kuphatikiza zonsezi. Za m'tauni, monga nyumba yakale ya Masongola imene ankakhalamo mtsamunda Harry Johnston ndi chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles, zisiyireni tsiku lina, miyendo itapuma.

Nyengo imasintha gulu la njira kuposa china chilichonse. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala msewu umakhala wouma. Mvula ikayamba, dothi limaterera ndipo limamatirira m'matayala mpaka njinga kukana kuyenda. Mu Juni ndi Julayi nkhungu imatha kutseka phiri mwadzidzidzi, ndipo pamwamba pamazizira kuposa m'tauni, pakuti kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera. Juzi yopepuka isatsale. Vuto lina ndi mphambano. Odula mitengo amatsegula tinjira tatsopano, ndipo malo amene chaka chatha anali nkhalango mukhoza kuwapeza ali zitsa zokhazokha. Mapu a pafoni sadziwa zimenezi. Otsogolera alendo a pa Ku Chawe amazidziwa, ndipo ndalama yowapatsa ndi yochepa poyerekeza ndi kusochera dzuwa likulowa.

Njinga ya mamiliyoni siyofunika. Yakaunjika yokhala ndi magiya osintha bwino ndi mabuleki ogwira ikwanira. Ipititseni kwa okonza njinga aone mabuleki ndi tcheni, tengani pampu, chubu chapadera, madzi okwanira ndi chipewa choteteza mutu. Nyamukani m'mawa, musapite nokha, ndipo pamene chitunda chakukanikani tsikani mukankhe. Palibe amene akulembani mayeso.