Zilembo Zovala Jombo: Mutu Wooneka Patali

Mukapanga chikwangwani cha bizinesi yanu pafoni n'kuchiika pa WhatsApp, munthu amangochiponyera diso kamphindi kenaka n'kupitirira. Mutu wake ukapanda kumukoka, basi, kasitomala wapita. Apa ndiye pomwe zilembo zotchedwa slab serif zimathandiza.

Zilembozi n'zonenepa, ndipo kumapeto kwa mzere uliwonse kuli kachidutswa kokhuthala ka ngodya zinayi, ngati chilembocho chavala jombo. Pa Times New Roman tizidutswa timeneti n'topyapyala, koma apa timakhuthala pafupifupi ngati thupi la chilembo chenichenicho.

Zinayambira ku London cha m'ma 1815, pomwe Vincent Figgins anazitulutsa nthawi imene amalonda ankafuna zikwangwani zowerengeka munthu ali patali. Mu 1845 kunabwera Clarendon ya Robert Besley, ndipo mu 1934 kampani ya Monotype inatulutsa Rockwell. Chizindikiro cha IBM, chomwe Paul Rand anajambula mu 1956, chilinso m'banja lomweli.

Lero pa Google Fonts mupezapo Alfa Slab One yaulere. Koma dziwani kuti imeneyi ndi yokuwa. Ipatseni mawu awiri kapena atatu okha: dzina la shopu, mtengo, tsiku la chinkhoswe. Nambala ya foni ndi malo lembani ndi zilembo zopyapyala. Mukanenepetsa zonse, zimathithikana pasikirini, ndipo aliyense akamakuwa pamsonkhano palibe amene amamveka.